Mwana Akatsika Kumbuyo

[Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono]

WOLANKHULA:

Ndikupatsani moni nonse amene mwatchera khutu madzulo ano, inu a kuno kwa Kanduku, a kwa Nthache ndi a kwa Govati, inu a ku Thambani, ku Kunenekude ndi ku Tulonkhondo, pamodzi ndi abale athu a kutsidya kwa malire ku Zobue, amene mawu a wailesi awapeza popanda kufunsidwa chiphaso. Agogo, sendezani mpando pafupi, pakuti nkhani ya lero ikukhudzani inunso, mwina koposa eni ake obereka.

Tikamba za munthu wamng'ono amene ali m'nyumba zambiri, amene salinso khanda koma sanafike pa msinkhu wotumika, ndiye mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka zitatu, amene watsika kumbuyo kwa amake nayamba kuyenda ndi mapazi ake. Ine amene ndilankhula nanu ndine bambo wa mwana wotere, mzime wathu wamkazi wa zaka ziwiri, ndipo zimene ndinene ndazitola pakhomo panga, pa makomo a anansi, ndi pakamwa pa alangizi a zaumoyo amene ayendera midzi yathu.

Chimene chandizizwitsa ine ndi ichi, kuti chisamaliro chathu chichepa pa nyengo yomweyo imene ngozi za mwana zichuluka. Pamene mwana ali wakhanda, mudzi wonse umgwadira: amake samsiya ngakhale popita kuseri, agogo ake amfunditsa, azakhali abwera ndi ufa ndi sopo, ndipo bambo amene sanagulepo chitenje chikwatirire agula ziwiri mwezi umodzi; komatu khandalo, ngati mwaligoneka pamphasa, mudzalipeza pamphasa pomwepo, pakuti lilibe miyendo yolitengera kumoto kapena kuchitsime. Tsono mwanayo akakwawa, naimirira, naponya phazi loyamba anthu akuomba m'manja, mitima ya akulu ikhala pansi, nati wakula, pamene kunena zoona ndilo tsiku limene ntchito yolera iyamba kulemera; pakuti tsopano miyendo ali nayo, manja ofikira pa chilichonse ali nawo, chidwi cholawa zonse ali nacho, koma nzeru yosiyanitsa madzi ndi parafini, kapena khala lozima ndi khala lamoto, sinamfikire.

Tiyambire pakhomo, m'nyengo ino yachisanu, pamene mphepo ya Juni ndi Julayi itsika m'mapiri niloweratu m'mafupa. Moto umene m'chilimwe tiuzima ndiwo zikangopsa, tsopano ugonera pamafuwa ndi pambaula, ndipo m'mamawa ana aunjikana mouzinga. Taonani mayi mbandakucha: watereka sefuliya ya phala, watembenuka kuti atape nsinjiro m'lichero, ndipo kamwana kamene kamtsata chigwirire nsonga ya chitenje kataya chitenjecho, katambasula dzanja kumka kumene kukutuluka nthunzi. Palibe ulesi pamenepo, palibe kusakonda mwana. Pali ntchito ziwiri ndi maso awiri okha. Nchifukwa chake ndinena kuti mwana wa msinkhu uwu satetezedwa ndi mawu akuti usagwire, angakhale muwabwereze kufikira mawu atasasa, koma atetezedwa ndi chotchinga. Kachitseko ka bango kapena ka nsungwi kofika m'chiuno, koikidwa pakhomo la khitchini, ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa bambo wodziwa kugwira chikwanje, ndipo kachita zimene kukalipa kwa chaka chathunthu sikungathe. Koma ngozi ikagwa, mwana napsa ndi moto, phala kapena madzi otentha, mankhwala oyamba ndiwo madzi ozizira aukhondo, othiridwa pamalopo mosalekeza kwa mphindi 20. Musapakepo dzira, kapena mankhwala otsukira mano, kapena mafuta ophikira, kapena phulusa, monga ambiri tinaphunzira kwa otilera. Chovala chimene chakanirira pachilonda musachimatule. Phimbani ndi nsalu yoyera, nimunyamuke kumka kuchipatala.

Popeza takolola, m'nyumba zambiri muli akiteliki wothira m'chimanga, muli mankhwala a makoswe, muli parafini, ndipo masiku ano muli petulo wa njinga yamoto, zonsezi zosungidwa kuseri kwa chitseko m'mabotolo amene kale munali zakumwa zotsekemera. Mwana wa zaka ziwiri sawerenga zolembedwa; adziwa botolo lokha, kuti dzana munatuluka zokoma. Zotere zikhale pamwamba, kumene ngakhale atakwera pampando sangafike. Ndipo akamwa parafini kapena petulo, musamkakamize kusanza pomuika chala kukhosi, chifukwa posanzapo mafutawo alowa m'mapapo, nachita choipa choposa choyamba. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo lomwelo, kuti adokotala adziwe chimene alimbana nacho.

Za madzi ndinene mwachidule, koma muzisunge. Mutu wa mwana wamng'ono ngwolemera poyerekeza ndi thupi lake, kotero kuti akasuzumira mu ndowa kapena m'beseni la zochapa nagweramo chamutu, sangathe kudzidzutsa. Ndipo mwana womira safuula, sakuwa, palibe chimene mungamve muli kuseri kwa nyumba. Ndowa ivundikiridwe, beseni likhuthulidwe kuchapa kukatha, chitsime chikhale ndi chivundikiro cholemera.

[Nyimbo pang'ono]

Tsono tituluke pakhomo, pakuti ino ndiyo nyengo ya maulendo. Chimanga chili m'nkhokwe, nandolo akukhwima m'munda, manachesi alowetsa kandalama m'thumba, ndipo maukwati, zinkhoswe, ziliza ndi misonkhano ya mipingo zatsatana Loweruka ndi Loweruka. Ine sindili mwa iwo amene anena kuti mwana azitsekeredwa pakhomo. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndipo mwana amene apita ndi amake kuchigayo, kumsika, kutchalitchi ndi kwa agogo ake, ndiye aphunzira msanga kulankhula, kupereka moni, kulandira chinthu ndi manja awiri, ndi kusaopa nkhope zachilendo. Mtengeni ndithu. Koma dziwani kuti malo amene mwana asowa womuyang'anira koposa ndiwo malo amene pachuluka anthu.

Lingalirani za pamaliro, pamene mudzi wonse ndi midzi yoyandikana yasonkhana. Amayi ena ali m'nyumba ya siwa, ena ali kumiphika. Abambo ali pansi pa mtengo, ena atsagana ndi adzukulu kumanda. Mayi wa mwana aitanidwa kukavundula nsima m'mphika waukulu, ndipo popeza sangayandikire moto wotere ali ndi mwana, ampatsira mchemwali wake. Mchemwaliyo aitanidwa kukwaya, nampatsira kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Kamtsikanako kaona anzake akusewera phada kuseri kwa nkhokwe, nikamkhazika pansi, nikati ukhale pompano. Patapita ola, mukafunsa mayi kuti mwana ali kuti, ayankha ndi mtima wokhazikika kuti ali ndi achemwali. Mukafunsa achemwali, ati ali ndi ana anzake. Ndipo onsewo anena zoona monga adziwira, pamene mwini wakeyo ali yekha, akuyenda dendedende pakati pa mafuwa a moto, migolo ya madzi ndi njira yotsikira kudambo. Anthu mazana amuona akudutsa, koma yense ayesa kuti mwini wake ali pafupi.

Zotere sizinayambe ndi ife. M'Buku Lopatulika timva za Yosefe ndi Mariya, makolo osamala ngati amenewo, kuti pochokera ku Yerusalemu anatha tsiku lonse panjira akuganiza kuti mnyamata Yesu ali ndi ena a paulendowo, ndipo anadzampeza atavutika masiku atatu. Komatu uyo anali wa zaka 12, wodziwa kudziyankhira pamaso pa aphunzitsi. Wathuyu sadziwa ngakhale dzina la mudzi wake.

Mudzandiuza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine ndivomera ndi mtima wonse, pakuti mwambi umenewu ndiwo walera ambiri a ife. Koma tiumvetse bwino amene ukumlankhula. Ukulankhula kwa iwe wodutsa, kuti ukaona kamwana kakulunjika kumoto kapena kumsewu, usati eni ake alipo, koma ukanyamule. Sukulankhula kwa kholo kuti litaye nkhawa popeza anthu ngambiri. Chimene ndipempha ine n'chaching'ono, ndipo sichilira ndalama: mwana aziperekedwa dzanja ndi dzanja, ndi mawu omveka. Munene kuti, “Achemwali, mwanayu ali ndi inu kufikira nditabwera,” ndipo musachoke kufikira atayankha kuti, “Ndamlandira.” Iwonso akafuna kuchoka, ambwezere kwa inu, osati kwa wina. Ndipo wolandirayo akhale munthu wamkulu. Pakuti mlezi wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi mwana iyenso, wofunika womlera, ndipo si chilungamo kumsenzetsa mlandu umene udzamtsata moyo wake wonse chifukwa cha mphindi imodzi ya phada. Ngakhale lamulo la dziko lino losamalira ndi kuteteza ana, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2010, liika udindo woteteza mwana ku kulekereredwa pa kholo ndi womlera wamkulu, osati pa mwana mnzake.

Za msewu, ife a ku Mwanza tili ndi chifukwa chochitira mantha koposa anzathu a maboma ena. Msewu wa M6, wochokera pa Zalewa kudzera paboma kufikira kuchipata cha malire, ndiwo njira ya magalimoto akuluakulu a katundu opita ku Tete, ku Zimbabwe ndi ku Joni, ndipo galimoto lotere, litasenza katundu wake, silingaime pamene dalaivala wafunira, angakhale aponde buleki ndi mphamvu zake zonse. Ndiponso kamwana kofika m'mawondo sikaoneka kwa munthu wokhala pamwamba potero. Njanji ya sitima za malasha zochokera ku Moatize kumka ku Nacala nayonso yadutsa m'boma lathu, pafupi ndi midzi ndi minda. Poyenda m'mbali mwa msewu, mwana akhale kudzanja la kutchire, inu mukhale kudzanja la magalimoto. Mumgwire pamkono, osati kumpatsa chala chanu kuti agwire iye, pakuti akaona mbuzi kapena mnzake kutsidya ataya chalacho musanaphethire. Ndipo powoloka, angakhale alire kuti afuna kuyenda yekha, abwerere kumbuyo m'mbereko.

Pano ndilankhule ndi inu amayi ogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, ndipo ndilankhula mwaulemu, podziwa kuti fizi ya ana ndi sopo wa pakhomo zichokera m'beseni lanulo. Basi ikaima, mphindi zake n'zowerengeka, ndipo amene achedwa kufika pawindo abwerera ndi beseni lodzaza. Chotero mudzuka nonse nthawi imodzi, nimuthamanga, kamwana n'kutsala pambali pa mulu wa zipatso. Koma mwana wa msinkhu uwu ali ndi lamulo limodzi mumtima mwake, ndilo kutsata amake kumene apita. Inu muli maso pawindo ndi pa ndalama, iye ali m'mbuyo mwanu pakati pa matayala. Mutu umodzi susenza denga: panganani pamalo panupo kuti basi ikafika, mmodzi atsale ndi ana onse, anzake amgulitsire beseni lake, ndipo basi yotsatira atsale wina. Phindu la tsikulo silidzachepa, ndipo madzulo mudzawerenga ndalama ndi ana omwe, zonse zili zokwanira.

Kabaza wa njinga yamoto watithandiza, sitingakane. Wafupikitsa ulendo wa kuchipatala umene kale unali wa tsiku lathunthu. Koma mwana asakhazikidwe kutsogolo pathanki monga tionera, ndipo pokwera naye onetsetsani kumene kuli mapazi ake, pakuti paipi yotulutsa utsi iwotcha mwendo kufikira mnofu, ndipo masipoko akola kaphazi kolendewera kapena nsonga ya chitenje chimene mwamberekera. Ngati woyendetsa athamanga mopitirira, kapena akununkha mowa, muli nawo ufulu wonena kuti, “Achimwene, ndili ndi mwana, chepetsani kapena nditsike,” pakuti ndalama mukulipira ndinu. Kumbukirani Mefiboseti mwana wa Yonatani, amene anapunduka miyendo ali ndi zaka zisanu, osati ndi lupanga la adani, koma chifukwa mlezi wake, pomnyamula mofulumira kuti athawe naye, anamgwetsa. Liwiro la akulu ndilo linampundula.

[Nyimbo pang'ono]

Paulendo mwana amva njala msanga, ndipo pamenepa pali chinthu chondimvetsa chisoni. Boma lathu lidziwika dziko lonse ndi manachesi. Anthu a ku Blantyre aimitsa galimoto kuti agulire ana awo zipatso zathu, ndipo ife titenga ndalama yomweyo n'kugulira athu jigisi ndi mafirizesi, zimene zitseka njala popanda kumanga thupi, ndipo mafirizesiwo sitidziwa madzi amene anapangira. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Ponyamuka, ikani m'kachikwama mbatata yophika, nthochi, dzira lowiritsa, nachesi, ndi botolo la madzi a pakhomo otetezedwa ndi kolorini kapena owiritsa, ndi kachidutswa ka sopo. Nachesi mumsendere, nimuchotse nthangala zake. Mtedza wathunthu, chimanga chokazinga ndi masiwiti olimba si za mwana wosafika zaka zitatu, chifukwa zitsamwitsa. Ndipo akatsamwa kufikira kulephera kulira kapena kutsokomola, musapise chala kukhosi mwakhungu, koma mumweramitse mutu pansi, nimummenye ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu, ndipo wina athamangire thandizo.

Pakhomo napo, njala ya mwana uyu ibisala pamene sitiyembekezera, ndimo m'mbale ya onse. Tikamkhazika pa mbale imodzi ndi akulu ake, iye akali kulimbana ndi mbamu yoyamba yotentha, anzakewo atha ndiwo, iye n'kutsala ndi nsima ndi msuzi. Ndipo ife poona mbale yoyera tinena kuti ana adya. Mimba yake njaing'ono, singalandire zambiri nthawi imodzi, chotero afunika mbale yakeyake, ndi kudya katatu kapena kanayi pa tsiku, ndi tina totolatola pakati pake. Phala la ufa woyera lamadzimadzi lingodzaza mimba. Likhale la mgaiwa, lolimbirako, lotendera nsinjiro kapena soya, kapena lothira kadzira, mafuta pang'ono, ufa wa bonya kapena masamba osinja. A zaumoyo atiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo mukayang'ana bwino mudzapeza kuti ambiri mwa iwo ali m'munda ndi m'khola mwanu momwe: nandolo ndi khobwe, nkhwani ndi bonongwe, papaya ndi mapeyala, mazira a nkhuku zimene tisungira alendo. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu m'Malawi, 37 anali opinimbira. Ife tikaona mwana wamfupi tinena kuti watengera kwa atsibweni ake, ndipo nthawi zina nzoona. Koma kawirikawiri ndi chakudya chimene chinaperewera m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira pathupi kufikira zaka ziwiri, ndipo msinkhu ndi nzeru zimene zatayika m'masiku amenewo n'zovuta kuzibweza.

Bere nalo lisachotsedwe msanga. Mwana ayamwe kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. Ndidziwa mwambo wathu, kuti mayi akazindikira kuti waima, mwana achotsedwa kubere tsiku lomwelo, natumizidwa kwa agogo, poopa kuti mkaka waipa. Agogo anga, ndinena mogwada: a chipatala atitsimikizira kuti mkaka wa mayi woyembekezera suipa, ndipo chimene chidwalitsa mwana wotumbizidwa ndicho kutaya bere, amake ndi chakudya chokwanira pa tsiku limodzi. Akayamba kutupa mapazi ndi nkhope, tsitsi n'kusanduka lofiirira ndi lonyololoka, m'mudzi tithamangira kunena kuti ndi tsempho, n'kuyamba kufunsana kuti walakwa ndani pakati pa bambo ndi mayi. Za milanduyo akambe ankhoswe tsiku lina. Mwanayo apite kuchipatala lero, kumene kuli chiponde ndi mkaka wochiritsa kunyentchera.

Izi zatifikitsa ku sikelo, kumene kuchepa kwa chisamaliro chathu kulembedwa ndi inki. Tsegulani mabuku a sikelo a ana a m'mudzi mwanu, ndipo mwa ambiri mudzaona masamba oyamba odzaza mwezi ndi mwezi, kufikira pa katemera wa chikuku wa miyezi 9. Kuchokera pamenepo mizere iyamba kutalikirana, kenaka masamba oyera. Amayi anena kuti anamaliza katemera, ndipo ndiwamvetsa, pakuti mwana wa chaka ndi theka ngwolemera kumbuyo, mtunda ngwautali, ndipo kumunda ntchito ikudikira. Komatu sanamalize. Pali katemera wachiwiri wa chikuku pa miyezi 15. Pali vitamini A miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kufikira zaka zisanu. Pali mankhwala a njoka za m'mimba kuyambira chaka chimodzi, amene afunika kwambiri kwa munthu amene chilichonse chotola pansi chipita kukamwa. Ndipo pali sikelo yeniyeniyo ndi kalamba koyeza mkono, zimene ziona kuonda mwezi umodzi kapena iwiri maso a mayi asanakuone. Amene ayesa kuti matenda akale anatha akumbukire chaka cha 2022, pamene poliyo, amene sanaoneke m'dziko muno kwa zaka 30, anapezeka mwa mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe, ndipo miyezi yotsatira anapezekanso mwa ana a m'chigawo cha Tete, kuseri kwa malire athu omwewa, kumene timka kukagula, kukakwatira ndi kukalira maliro. Alangizi akamayenda khomo ndi khomo ndi timadontho tawo, musabise ana kuchipinda.

Ndipo pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku la sikelo, kapena kubwera kwa bambo kuchokera kuulendo, kapena chilolezo cha eni mbumba. Thupi likatentha, mwana akayezedwe malungo tsiku lisanathe, osati kumpatsa panado ndi mankhwala otsala a mkulu wake. Akamapuma mofulumira, kufika ka 40 pa mphindi imodzi kapena kupitirira, kapena pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, chingakhale chibayo, chimene chichuluka m'nyengo ino ya chisanu ndi utsi wa m'nyumba. Akatsegula m'mimba, musamane madzi poganiza kuti mukuumitsa m'mimbamo. Mpatseni Thanzi wosungunula monga mwalembedwa papaketi, ndi zinki masiku onse amene mwauzidwa, ndipo apitirize kuyamwa ndi kudya. Koma akakana kumwa ndi kuyamwa, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena kuchita linjirinjiri, akalefuka osadzutsika, nyamukani ngakhale pakati pa usiku. Galu akamluma kapena kumkanda, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nimupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti chiwewe chikaonekera sichichiritsika.

[Nyimbo pang'ono]

Ndisanatseke, mawu awiri a mtima wa mwanayu, pakuti si thupi lokha. Pa zaka ziwiri aphunzira mawu akuti ayi, nawakonda koposa mawu onse. Adzigwetsa pansi pakati pa msika chifukwa cha chitumbuwa, anthu n'kumakuyang'anani ngati simudziwa kulera. Si mwano umenewo, kapena mzimu woipa. Ndi munthu amene zofuna zake zachuluka kuposa mawu amene ali nawo, ndipo kawirikawiri mukafufuza mudzapeza njala kapena tulo. Mnyamuleni, mchotseni pagulu, mudikire mphepoyo idutse, koma chitumbuwacho musagule chifukwa cha kulira, pakuti mawa adzalira mokweza. Chimene ndidana nacho ndicho kumuopseza kuti ukapanda kukhala chete adokotala akubaya jakisoni; tidzipangira tokha mwana amene adzakuwa ndi kuthawa tsiku limene moyo wake udzafuna dokotalayo. Choipa koposa ndicho kumlawitsa masese kapena mankhwala ogonetsa kuti akulu acheze mwamtendere. Umenewo ndi mlandu, asautche dzina lina. Foni nayo yasanduka mlezi m'nyumba zina. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse linalangiza m'chaka cha 2019 kuti mwana wosafika zaka ziwiri asamakhazikidwe pa kanema, ndipo wa zaka ziwiri kufikira zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku. Mwana aphunzira kulankhula kwa munthu womuyankha. Mukamasenda nandolo muuzeni kuti uyu ndi nandolo. Akaloza ng'ombe, itchuleni. Madzulo agogo amuimbire nthano angakhale sanadziwe kuvomera tilitonse. Ndipo akafika zaka zitatu, kumene kuli sukulu ya mkombaphala mpititseni.

Abambo anzanga, m'mera mpoyamba, ndipo mmerawo si wa mayi yekha. Ena a ife tiyesa kuti kunyamula mwana pagulu kuchotsa ulemu, chonsecho mbuzi yathu ikadwala tiisenza pamapewa kudutsa pakati pa mudzi popanda manyazi. Mayi akakhala pamoto, mwana akhale ndi inu. Mayi akadwala kapena akakhala wotopa ndi pakati, buku la sikelo silikana dzanja la mwamuna. Inu amene muli ku Joni kapena ku Tete, potumiza ndalama nenani poyera kuti iyi ndi ya mazira ndi ya ulendo wa kusikelo, ndipo siyani mawu kwa abale anu kuti mwana akadwala, mayi asadikire foni yanu kuti anyamuke.

Kwa inu mafumu athu, a gulupu ndi anyakwawa, ndigwada ndi pempho limodzi. Miyezi ino anthu ayamba kuumba njerwa, ndipo maenje ake atsala kukamwa yasa m'mbali mwa nyumba ndi m'njira za ana. Lero ngouma, koma mvula ya Novembala ndi Disembala ikagwa adzakhala maiwe. Lamulani kuti woumba aliyense akwirire dzenje lake kapena alitchinge ndi mpanda mvula isanagwe, ndipo wokana aitanidwe kubwalo.

Ndipo inu amayi ndi abambo, wailesi ikatsekedwa usiku uno, tengani buku la sikelo la mwana wanu pamene mwalisunga, muyatse tochi, muone mwezi umene munalembedwa komaliza. Ngati papita miyezi, funsani alangizi a m'dera lanu tsiku la sikelo yotsatira, ndipo mupite naye. Sadzakubwezani chifukwa chochedwa.

[Nyimbo yotsekera]